CHARLES BORROMEO WOYERA NDI MLIRI WA KU MILAN

Pa 4 Novembala chaka chilichonse Mpingo umakumbukira Charles Borromeo Woyera, amene kwawo ku Italy amamutchula kuti Carlo Borromeo. Ife a m'seminale timamudziwa ngati nkhoswe yathu, popeza ndi mmodzi mwa aepiskopi oyamba amene adamanga maseminale monga tikuwaonera lero. Koma anthu a mumzinda wa Milan, kumene iye adali Arkiepiskopi, amamukumbukira pa chifukwa chinanso. M'chaka cha 1576 mumzindamo mudagwa mliri woopsa, ndipo mpaka lero mliriwo umadziwika ndi dzina lake, amati mliri wa Carlo Woyera. Dzinali lidabwera chifukwa choti pamene akuluakulu ambiri adathawa, iye adatsala ndi amphawi. Ine kwathu ndi ku Chinsapo, kumene taona Covid-19 ndi kolera motsatizana, ndiye chifukwa chake m'nkhani ino ndikhalitsa pa gawo limeneli la moyo wake.

Charles adabadwa pa 2 Okutobala 1538 ku Arona, m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore, kumpoto kwa Italy. Bambo ake, a Giberto Borromeo, adali mwini malo ndi chuma chambiri, ndipo mayi ake, a Margherita, adali a ku banja la Medici la ku Milan. Mwanayu sadagonepo ndi njala. Ali ndi zaka 12 adamumeta tsitsi monga chizindikiro choti walowa njira ya unsembe, ndipo potsata chizolowezi cha masiku amenewo adamupatsa ndalama zochokera ku minda ya nyumba ina ya a chipani cha Benedict Woyera ku Arona komweko. Olemba mbiri yake amati mnyamatayo adakumbutsa bambo ake kuti ndalama zotsala pa zolipirira maphunziro ake n'za amphawi, zisalowe m'thumba la banja.

Adakaphunzira malamulo a dziko ndi a Mpingo ku yunivesite ya Pavia. Adali wachibwibwi, kotero kuti ena ankamuyesa wopanda nzeru, koma ndi khama adatsiriza maphunziro ake m'mwezi wa Disembala 1559. Mwezi womwewo atsibweni ake, mlongo wa mayi ake, adasankhidwa kukhala Papa, natenga dzina loti Pius IV. Ife Achewa tikudziwa bwino zimene atsibweni amachitira mwana wa mlongo wawo. Pa 31 Januwale 1560 Charles adapatsidwa ukadinala ali ndi zaka 21 zokha, asanadzozedwe n'komwe unsembe, ndipo makalata akuluakulu a Papa adayamba kudzera m'manja mwake. Kunena zoona, kumeneku kudali kukondera, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinkanyozetsa Mpingo m'zaka zimenezo. Mwayi wake ndi woti ulendo uno kukonderako kudagwera munthu wogwira ntchito.

M'chaka cha 1562 mkulu wake, Federico, adamwalira mwadzidzidzi. Abale adamuumiriza kuti asiye za Mpingo, akwatire, kuti dzina la banja lisafe. Iye adakana. M'chaka cha 1563 adadzozedwa unsembe, ndipo pa 7 Disembala chaka chomwecho adadzozedwa uepiskopi. Nthawi imeneyi n'kuti akuthandiza atsibweni ake kutsiriza msonkhano waukulu wa aepiskopi wa ku Trent. Msonkhano umenewu ndiwo udalamula, pa 15 Julaye 1563, kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi sukulu yophunzitsira anyamata ofuna unsembe, kuyambira a zaka 12. M'lamulomo muli mfundo ina imene anzanga ambiri saidziwa: posankha anyamatawo, ana a amphawi ndiwo aziyamba kuganiziridwa, ndipo ana a olemera asakanizidwe koma azidzilipirira okha. Seminale ya ku Milan idatsekulidwa m'chaka cha 1564.

Adalowa mumzinda wa Milan monga Arkiepiskopi pa 23 Sepitembala 1565. Padali patapita zaka pafupifupi 80 mzindawo usanakhale ndi episkopi wokhala pakati pa anthu ake. Adayendera maparishi mpaka a kumapiri kwenikweni, adakhazikitsa sukulu za katekisimu za Lamulungu, nakhwimitsa malamulo kwa ansembe ndi asisteri. Sadali munthu wofewa, ndipo adadziputira adani ambiri. Pa 26 Okutobala 1569, ali pa mapemphero a madzulo m'nyumba yake yopemphereramo, munthu wina wa chipani cha Humiliati, Girolamo Donato, adamuombera ndi mfuti kumsana. Chipolopolo sichidalowe m'thupi. Chaka chotsatira kudagwa njala, ndipo kwa miyezi itatu Charles ankadyetsa anthu pafupifupi 3,000 tsiku ndi tsiku. Njala imeneyi idamuphunzitsa kumene amphawi a mumzinda wake ankagona ndi m'mene ankapezera chakudya.

Mliri udafika ku Milan m'mwezi wa Ogasiti 1576, utasakaza kale ku Venice ndi ku mizinda ina. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi litsipa, kenaka ankatuluka zotupa zikuluzikulu m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche, ndipo ambiri ankamwalira sabata isanathe. Padalibe amene ankadziwa gwero lake. Ena ankati ndi mpweya woipa, ena ankati ndi chilango cha Mulungu. Kachilombo koyambitsa matendawa kadadzapezeka m'chaka cha 1894 ku Hong Kong, ndi dokotala Alexandre Yersin, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti kamafala kwambiri ndi utitiri wa makoswe. Tsono funsani nokha kumene makoswe ndi utitiri zimachuluka: m'nyumba zothithikana, m'mene anthu asanu ndi atatu amagona m'chipinda chimodzi ndi kufunda chofunda chimodzi.

Uthenga wa mliri udamupeza Charles ali ku Lodi, kumene adapita chifukwa cha imfa ya episkopi mnzake. Adabwerera ku Milan msangamsanga, pamene ena ankatulukamo. Masiku amenewo mzindawo udali pansi pa mfumu ya ku Spain, ndipo bwanamkubwa wake, Marquis wa ku Ayamonte, adasamukira ku Vigevano. Mabanja ambiri olemera adatseka nyumba zawo napita ku minda yawo ya kumidzi. Adatsala ndi oluka nsalu, osula zitsulo, onyamula katundu, ochapa zovala ndi opemphapempha, anthu opanda kothawira. Anzake adamulangiza kuti nayenso achoke, kuti dayosizi ingataye mutu wake. Iye adalemba wilo, nasiyira chuma chake chipatala chachikulu cha mumzindamo chotchedwa Ospedale Maggiore, ndipo adayamba ntchito ngati munthu amene watsazika kale.

Kunja kwa chipata china cha mzindawo kudali malo osungirako odwala mliri otchedwa Lazzaretto, a zipinda 288. M'masabata owerengeka malowo adadzaza, mpaka akuluakulu adamanga misasa kunja kwa mzinda. Ankatengerako odwala pamodzi ndi ongoganiziridwa, ndipo nthawi zambiri kudalibe chakudya chokwanira, kudalibe owasamala, kudalibenso wansembe. Charles adapitako yekha kukaona. Atabwerako adatumizako chakudya ndi zogonera za m'nyumba mwake, nayamba kufunafuna ansembe. Si onse adavomera, pakuti mantha sasankha mkanjo. Adapempha a zipani zosiyanasiyana, ndipo a Capuchin adadzipereka. Mmodzi wa iwo, Bambo Paolo Bellintani, ndiye adapatsidwa udindo woyang'anira Lazzaretto. Ansembe ambiri adafera pa ntchito imeneyi. Charles mwini ankalowa m'misasa kukapereka Ukaristia ndi Ulimbitso, koma sankachita mosasamala. Ankayenda ndi ndodo yoti anthu asamuyandikire, ankagwiritsa ntchito viniga monga ankachitira madokotala a nthawiyo, ndipo ankadziyesa yekha munthu wotha kupatsira ena matenda.

Koma mliri uli ndi mapasa ake, ndiye njala. Mizinda yoyandikana idaleka kugula katundu wa ku Milan, malo olukirako nsalu adatsekedwa, ndipo olemera pothawa adachotsa antchito awo a m'nyumba. Anthu amene dzulo lake ankadya thukuta lawo adasanduka opempha asanadwale n'komwe. Gulu la anthu otere lidafika pakhomo pa Arkiepiskopi. Amphamvu adawapatsa ntchito ya ulonda ndi yothandiza odwala, ena mazana angapo adawapezera nyumba kunja kwa mzinda nawadyetsa komweko. Adagulitsa ziwiya zake zasiliva, ndalama zitatha adakongola, napemphanso kwa olemera omwe adathawa aja. Nyengo yachisanu itayandikira adatsitsa makatani ndi nsalu zokongoletsera za m'nyumba ya episkopi kuti asokere zovala. Akuti m'misewu munkaoneka amphawi atavala zofiira ndi zofiirira, mitundu ya akadinala ndi aepiskopi.

Pali chinthu chimodzi chimene iye adachita chomwe ine sindingachiyamikire. Kumayambiriro kwa Okutobala adakonza midipiti itatu ya mapemphero, ngakhale kuti akuluakulu a boma ankaopa kusonkhanitsa anthu. Adayenda wopanda nsapato, chingwe chili m'khosi ngati wopalamula, atanyamula mtanda, mpaka adavulala phazi. Chikhulupiriro chake palibe angachikayike, ndipo adayesetsa kuti anthu aziyenda motalikirana. Komabe kusonkhanitsa khamu pa nthawi ya mliri n'kuika miyoyo pachiswe. Zimenezi zidaoneka poyera m'chaka cha 1630, mliri wina utagwa mumzinda womwewo. Arkiepiskopi wa nthawiyo adali Federico wina, mwana wa bambo ake aang'ono a Charles. Pa 11 Juni akuluakulu a mzinda atamuchonderera adalola mdipiti waukulu wonyamula thupi la Charles yemweyo, ndipo m'masiku otsatira maliro adachuluka koposa. Woyera amadziwa zimene anthu a nthawi yake akudziwa. Ife amene tidaphunzira za tizilombo m'kalasi tilibe pothawira tikachita zomwezo.

Kumapeto kwa Okutobala 1576 akuluakulu adalamula kuti munthu aliyense akhale m'nyumba mwake kwa masiku 40, ndipo masikuwo adaonjezedwanso pambuyo pake. Charles adagwirizana nalo lamuloli, nauza akhristu kuti alimvere. Koma ankadziwa kuti kutsekera mmphawi m'nyumba yopanda ufa n'kumusankhira imfa ina m'malo mwa ina. Choncho iye pamodzi ndi akuluakulu a mzinda amene adatsala adagawa mzindawo m'zigawo, naika anthu oyenda khomo ndi khomo ndi chakudya. Olemba mbiri yake amati anthu pakati pa 60,000 ndi 70,000 ankalandira chithandizo tsiku lililonse, mumzinda wa anthu pafupifupi 120,000. Ndiye kuti theka la mzinda wolemera chotere lidalibe chakudya cha mawa m'nyumba. Mliri sudawasaukitse tsiku limodzi, udangovundukula umphawi umene udalipo kale.

Awerengi okondedwa, apa ndi pamene nkhani ya ku Milan ikufika kwathu. Pa 2 Epulo 2020 boma lidalengeza za anthu oyamba kupezeka ndi Covid-19 m'Malawi, ndipo adali a mu Lilongwe. Pa 14 Epulo lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 Epulo. Ife kuno ku seminale mawu oti m'bindikiro timawadziwa ngati masiku a chete ndi mapemphero, koma belu la chakudya limalira ndithu pa nthawi yake. Ku Chinsapo mulibe belu lotere. Bambo wa kabaza akapanda kutuluka m'mawa, madzulo pamoto sipakhala mphika. Mayi wogulitsa tomato kapena mandasi, mnyamata wa maganyu a zomangamanga, mtsikana wogwira ntchito ya m'nyumba ku Area 47, onsewa chakudya chawo chili kunja kwa chitseko, ndipo lendi siidikira mliri. Ochita malonda adachita zionetsero ku Mzuzu, ku Blantyre ndi kwina. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidapita ku khoti kukadandaula kuti boma silidakonze njira yothandizira osauka, ndipo pa 17 Epulo Justice Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu adapereka chiletso. M'bindikirowo sudachitike. Pambuyo pake boma lidalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda, koma ndalamazo zidayamba kufika patapita miyezi yambiri. M'chaka cha 2021 kafukufuku wa boma lomwe adapeza kuti zina mwa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwu zidathera m'malawansi ndi m'zinthu zosadziwika bwino. Ku Milan episkopi adalowa m'ngongole chifukwa cha mliri, kwathu kuno ena adaupezerapo phindu.

N'zoona kuti Covid-19 sidasiye olemera. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Koma zotsatira zake sizidagawidwe mofanana. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ine ndili ku pulayimale, ana a mabanja opeza bwino ankaphunzira pa intaneti, pamene ife ambiri tinkangokhala kapena kuthandiza makolo kumsika. Boma lidalengeza kuti m'miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga mimba m'dziko muno, ndipo ambiri a iwo sadabwererenso m'kalasi.

Tibwerere ku Milan. Anthu ali chitsekeredwe, Charles sadalole kuti akhale opanda Misa. Adaika maguwa pa mphambano za misewu kuti ansembe azipereka nsembe anthu akuonerera pa mawindo. Ansembe ena ankayenda ndi kampando, n'kukhala kunja kwa chitseko, wolapa atagwada mkati. Mabelu ankalira kasanu ndi kawiri pa tsiku, ndipo mabanja ankayankhana mapemphero kuchokera nyumba ina kufika ina. Ife m'chaka cha 2020, chiwerengero cha olowa m'tchalitchi chitachepetsedwa, tinkamvera Misa pa Radio Alinafe ndi Radio Maria. Nzeru ndi yomweyo, yoti wansembe ndiye apeze njira yofikira anthu pamene anthu sangathe kufika kwa iye. M'malo momwe mudali maguwa aja adadzamangamo zipilala za mitanda, ndipo zina zikadalipo mumzindamo.

Koma mliri wofanana kwambiri ndi wa ku Milan, pa nkhani yosankha amphawi, ndi kolera imene idayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Pofika pakati pa 2023 idadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe ndi limodzi mwa maboma amene adavutika kwambiri. M'mwezi wa Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsekulidwa, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Lazarus Chakwera adakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona. Sadalakwitse posankha malowo. Kolera siikonda nyumba za mpope mkati ndi chimbudzi chamadzi. Imayenda m'mapoloti ngati athu a ku Chinsapo, pamene mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chokumba, chitsime chili chapafupi pomwepo, ndipo mvula ikagwa zonse zimasakanikirana. Pa wailesi ankatiuza kuti tizisamba m'manja ndi sopo nthawi zonse, ndipo uphunguwo ndi woona. Koma madzi a pa kiyosiki ngogula, ndipo mayi amene ali ndi ndowa ziwiri zokha pa tsiku amayamba waganiza za nsima. Charles sankadziwa za tizilombo, koma funso loti kodi munthu amene ndikumulamulayu angathe bwanji kumvera, ankalidziwa kulifunsa.

Mliri wa ku Milan udayamba kuchepa m'chaka cha 1577, ndipo pa 20 Januwale 1578, tsiku la Sebastian Woyera, mzindawo udalengezedwa kuti wamasuka. Mumzindamo mudafa anthu pafupifupi 17,000. Ndi ambiri ndithu, koma ku Venice kudafa pafupifupi 50,000. Mwina wina n'kuyembekeza kuti zitatha izi bwanamkubwa adamuthokoza. Zidali zosiyana: adapitiriza kukangana naye pa za malire a mphamvu za boma ndi za Mpingo, ndiponso pa za magule ndi zisangalalo zimene Arkiepiskopi ankaletsa, mpaka madandaulo adafika ku Roma ndi kwa mfumu ku Spain.

Charles adakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, akuyendera maparishi, akugona pang'ono ndi kusala zakudya kopitirira muyeso. M'chaka cha 1580 adapatsa Ukaristia woyamba mnyamata wina wa zaka 12 wa banja lachifumu, dzina lake Aloysius Gonzaga. Mnyamata ameneyu adadzalowa chipani cha a Jesuit, ndipo adamwalira ku Roma m'chaka cha 1591, ali ndi zaka 23 asanadzozedwe unsembe, atatenga matenda posamala odwala mliri. Lero ndiye nkhoswe ya achinyamata ndiponso ya odwala Edzi ndi owasamala.

M'mwezi wa Okutobala 1584 Charles adapita ku m'bindikiro ku phiri la Varallo, ndipo komweko adayamba kutentha thupi. Adamubweretsa ku Milan ali wofooka, namwalira usiku wa pa 3 Novembala, ali ndi zaka 46. Papa Paul V adamulengeza kuti ndi woyera pa 1 Novembala 1610, ndipo thupi lake lili m'chipinda cha pansi pa guwa lalikulu la tchalitchi cha katedrale ku Milan. Katundu amene adasiya adapita ku chipatala cha Ospedale Maggiore, monga adalembera mu wilo ija m'masabata oyamba a mliri.